Masamu a Mkamwini

Pa Lirangwe pano ukafunsa za a Stanford, anthu amayamba akufunsa kaye iweyo kuti, "Ati? A ku ndege aja?" Ndi omwewo. Amagwira ntchito ku bwalo la ndege ku Chileka, ndipo akamaifotokoza ntchitoyo ungaganize kuti tsiku limene adzadwale malungo ndege zonse zidzangozungulira m'mwamba kusowa wozitsitsa. Loweruka lililonse amatsika minibasi atavala jekete yobiriwira yonyezimira, imene savula ngakhale dzuwa la mu Okutobala likuswa mtengo, n'kuyamba kupereka lipoti kwa aliyense amene sanawafunse.

"Sabata ino tatsitsa zambiri. Ina ya ku Joni inafuna kutivuta, koma tinaigwira."

Zoona zake n'zakuti a Stanford amatchetcha udzu m'mphepete mwa msewu wa ndege ndi kupirikitsa akhwangwala. Si ntchito yonyozeka, ndipo ine sindinainyozepo. Chimene chimandiwawa n'chakuti eni akewo ndiwo amachita nayo manyazi.

Ine ndine telala. Makina anga ali pakhonde la golosale ya a Hakimu, moyang'anizana ndi pamene amagulitsira mbuzi tsiku la msika, choncho nkhani zambiri za pano zimandipeza ndili chikhalire. A Stanford ndi kasitomala wanga wakale. Nthawi ina anandipempha kuti ndiwasokere timizere tagolide pamapewa a jekete ija, ngati ta oyendetsa ndege. Ndinawauza kuti ulusi wa mtundu umenewo unatha, ndipo mpaka lero sunabwere.

Kwawo kwenikweni ndi ku Madziabango. Sukulu anailekezera Fomu 2, ngakhale iwo amati anaisiya dala ataona kuti aphunzitsi ayamba kumafunsa nzeru kwa iwo. Anawotchapo njerwa, anapalasapo makala pa njinga kupita nawo ku Ndirande, anakhalapo mlonda wa pachigayo, kenako mwayi wa ku Chileka n'kuwagwera. Kuno anabwera ndi ukwati. Anakwatira a Malita n'kukhala pachikamwini, ndipo anapatsidwa malo omangapo nyumba kuseri kwa khola, ndi kamunda kamene kamabereka miyala chaka ndi chaka osaphonya. Pakati pa sabata amagona m'kachipinda ka lendi ku Chileka. Ana ali nawo anayi, woyamba ndi mtsikana, dzina lake Tione.

Kholalo ndi la alamu awo, a Malizani, obadwa bere limodzi ndi a Malita, amenenso ndiwo eni mbumba pamudzipo. A Malizani amagula mbuzi m'midzi ya ku Chigaru n'kumagulitsa kwa anyamata a kanyenya ndi mabutchala a m'tauni. Ndi munthu wopatsa, zimenezo sindingawamane. Koma akakupatsa singano, pofika madzulo msika wonse umakhala utamva kuti anakugulira makina. Ndiwo analipirira Tione sekondale yonse, poti kwathu kuno mwana ndi wa kwa amalume ake, komanso malipiro a ku ndege sankaona pakati pa mwezi. Teremu iliyonse, asanapereke fiziyo, ankayamba aizunguliritsa msika kuti aliyense aione. A Stanford ankawatchula kuti "alendo athu." Munthu wakhala pamudzi zaka zoposa makumi awiri, wabereka ana, wakumba nawo manda, koma adakali alendo athu. Pa zokambirana za pamtundu ankaitanidwa ndithu, koma kudzanyamula mabenchi.

Tione ali Fomu 3, a Malizani anapatula mbuzi zingapo zazikazi n'kulengeza kuti zimenezi ndi za koleji ya mwana wa mlongo wawo. Zinaswana mpaka khola kuchepa. Mudzi wonse unkazidziwa kuti mbuzi za Tione, ndipo a Stanford akabwera Loweruka ankagona akuzimva fungo, poti zenera la kuchipinda kwawo linayang'ana komweko.

Ndiye kunabwera uthenga. Tione anasankhidwa kukaphunzira unamwino pa koleji ina kumpoto, ndipo bungwe lina lothandiza atsikana akumudzi linalonjeza kumulipirira fizi zaka zonse zitatu. Mwanayo ndi wa mutu, wosalankhulalankhula, ndipo tonse tinasangalala naye. Koma a Stanford sanangosangalala ayi. Iwo anaona kuti tsiku la ufulu wodzilamulira lawafikira.

Masamu awo anachitira pakhonde langa pompano, Loweruka masana, anthu atawazungulira. Tione anali pomwepo, atabwera kuti ndimuyeze yunifolomu.

"Nkhaniyi ndi yosavuta," anatero a Stanford. "Mtengo wa koleji ndi chiyani? Ndi fizi. Fizi walipira ndani? Bungwe. Tsopano chotsani fizi pa fizi. Patsala zingati?"

"Palibe," anayankha anyamata a kabaza, amene amavomera chilichonse akakhala pamthunzi.

"Basitu. Palibe."

"Ababa," anatero Tione, tepi yanga ili m'chiuno mwake, "akutitu alipira fizi yokha. Malo ogona pakoleji ndi ochepa, ambiri amachita lendi kunja. Chakudya n'chodzigulira. Ndiye pali mabuku, pali..."

"Iwe, koleji unaionapo? Ine ndinacheza ndi dokotala wamkulu maso ndi maso."

Nkhani ya dokotalayo tonse tinkaidziwa. Tsiku lina mdala wina wa imvi anatsika ndege n'kupeza galimoto yodzamutenga isanafike. Anaima pampanda, n'kuyamba kucheza ndi munthu amene ankatchetcha udzu mbali inayo. Anamufotokozera za masiku ake a kukoleji: nkhuku Lamlungu, mazira m'mawa, tiyi wa mkaka kawiri patsiku, zofunda zochapiridwa, tikiti ya basi yaulere popita kuholide, ndipo mwezi ukatha ankawapatsanso ndalama ya m'thumba. A Stanford anameza zonsezo n'kuzisunga. Chimene sanafunse n'chaka chake. Mdalayo anaphunzira nthawi imene buledi ankagulidwa ndi matambala, a Stanford asanamere mano.

"Koleji ndi hotela," anamaliza choncho. "Mwana akapita kumeneko amabwerako masaya atatuluka. Ife chathu ndi thiransipoti yopitira, sopo, mafuta odzola ndi sutikesi. Zimenezo malipiro a mwezi umodzi akwana, chenji n'kutsala."

A Hakimu, amene ali ndi mwana ku koleji ku Zomba, anasuzumira pawindo la golosale n'kunena kuti iwo chaka chathachi anagulitsa njinga yamoto chifukwa cha lendi ndi chakudya chokha. A Stanford anawayang'ana mwachisoni.

"Wanuyo sanapeze bungwe, bwana. Si zofanana."

Tione ndinamuyeza mapewa n'kumuuza kuti abwere Lachisanu.

Tsiku la msika litafika, a Stanford anapempha tchuthi kuntchito, chinthu chimene sanachite ngakhale pa maliro a apongozi awo. Anawoloka msewu, jekete ikunyezimira, n'kukaima pakati pa mbuzi, pamene a Malizani ankatsutsana mtengo ndi a Anwar a butchala. Ine ndinaimitsa makina kuti ndimve bwino.

"Alamu, ndabwera kudzakutulani katundu."

"Katundu wanji, alendo athu?"

"Wa mwana wanga. Mwavutika naye mokwanira. Kuyambira lero za sukulu ya Tione zisakusowetseni tulo. Bungwe latenga zonse, zotsalazo bambo wake alipo."

A Malizani anasiya chingwe cha mbuzi n'kuwayang'ana kuyambira kunsapato.

"Mwafunsa bwinobwino kukolejiko?"

"Ndafunsa akuluakulu, anthu okwera ndege."

"Ndiye mbuzi za mwanayo ndichite nazo chiyani?"

"Mudye. Mwana wanga waphunzira ndi mbuzi kokwanira. Chizungu chake chayamba kumveka fungo la tonde."

Msika unaseka. Sindibisa, inenso ndinaseka, ndipo mumtima ndinawamvetsa. Zaka zonse zija za mabenchi zinatuluka ndi mawu amodzi amenewo. Koma a Malizani sanaseke. Anatembenukira kwa a Anwar, kenako kwa a Sangwani, amene amadulitsa ziphaso za pamsika.

"A Anwar, mwamva? A Sangwani, mwamva? Alendo athu anditula udindo pamaso panu. Sindinautaye ndine."

"Tamva," anatero onse awiri.

Kwathu kuno mwini mbumba akatulidwa udindo pagulu sautolanso yekha, angaoneke ngati wopemphetsa. Amene anamutulayo ndiye amabwerera pamalo pomwepo kukabweza mawu ake. A Stanford ankadziwa zimenezi kuposa ine. Anabwerera pakhonde panga akuyenda ngati awina chisankho, n'kugulira anyamata a kabaza zigumu.

Mayi awo a Malita ndi a Malizani anali atamwalira zaka zinayi zapitazo, ndipo manda awo anali adakali mtumbira wadothi. Azimayi a pamtundu anali atadandaula mpaka kutopa, koma a Malizani ankati dikirani, mwana ayambe wapita kukoleji. Tsopano chodikira panalibe. Mwezi usanathe mbuzi za Tione zinagulitsidwa, m'khola n'kutsala zowerengeka. Kumanda kunamangidwa chiliza cha matailosi akuda, chotchingidwa ndi mpanda wachitsulo, chokongola kuposa nyumba imene gogoyo anagonamo moyo wake wonse. Tsiku lovundukula kunaphedwa mbuzi zimene zinatsala, kunabwera kwaya, mpunga unaphikidwa m'migolo. A Stanford anadya mbale ziwiri, n'kuuza amene anakhala nawo pafupi kuti matailosiwo ndi abwino ndithu, koma safika pa a ku bwalo la ndege.

Kenako zinthu zinayamba kutuluka chimodzichimodzi ngati nsikidzi. Yunifolomu sinali imodzi, zinali zitatu, ndi nsapato zake, ndi kawotchi kopachika pachifuwa. Panafunika choyezera kuthamanga kwa magazi ndi chomvetsera m'chifuwa, zogula wekha. Panali ndalama yolembetsera, ya chipatala, ya chitupa, ya bungwe la ophunzira. Malo ogona pakoleji anali atadzaza, ndipo mwini nyumba kunjako ankafuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi, m'chipinda chopanda bedi. Matiresi, ndowa, mbaula, mapoto. Basi yopita kumpoto yokha inadya theka la malipiro aja amene ankati atsala chenji.

A Stanford anali ndi yankho pa chilichonse.

"Laputopu? Wodwala anachirapo ndi laputopu?"

"Manotsi amatumiza pa intaneti, ababa."

"Uzikopera kwa anzako. Dzanja ulibe?"

"Nanga bando ya foni?"

"Kukoleji kuli waya wa intaneti wa ulere. Ku ndege ulipo, ndiye kukoleji ungasowe?"

Apa ndi pamene ndinaona luso lawo lenileni. Masamu akakana, a Stanford sankakonza masamuwo ayi, ankadula Tione. Chakudya chikadula, ndiye kuti mtsikana amadya pang'ono. Lendi ikakwera, ndiye kuti atsikana amagona anayi m'chipinda chimodzi, amakonda kucheza. Makala akavuta, kumpoto kuli mitengo yambiri. Pomaliza masamu anatheka bwinobwino, ndipo mwana amene anatsala m'masamuwo sankadya, sankasamba, sankadwala.

Tione ananyamuka ndi thumba la ufa, mfutso, nyemba ndi kachitini ka mafuta ophikira. Yunifolomu ndinasoka ziwiri, a Malita n'kundilipira ndi nkhuku. Pa siteji bambo ake analankhula mawu otsanzikana aatali, akuyang'ana kwambiri kumene kunali alamu awo kuposa kumene kunali mwana. A Malizani anamupatsa Tione Fanta ndi mabisiketi, n'kunena mokweza kuti zambiri sangapereke, poti anauzidwa kuti sizikufunika.

Miyezi yotsatirayo amene anaphunzira koleji ndi a Malita. Anayamba kukazinga zitumbuwa. Ankadzuka kukagula tomato ku Lunzu n'kudzagulitsa pano. Analowa banki m'khonde ziwiri, kutenga uku kubweza uku. Foni yawo ikalira ankapita kuseri kwa golosale, ndipo pobwerako maso anali ofiira. Tsiku lina anakhala pabenchi langa n'kundiuza kuti mwanayo akudya kamodzi patsiku, madzulo, ndipo anzake a m'chipinda ayamba kubisa ndiwo akamuona akubwera.

"Nanga bambo ake akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti ndi kuwerenga. Akuti ophunzira enieni sakhala ndi nthawi yodya."

Pamsika a Stanford ankalengezabe. Mwana wawo tsopano anali atayamba kubaya jakisoni, madokotala ankamufunsa maganizo, azungu a bungwe ankafuna kumutengera kunja. Njinga yawo inasowa, iwo n'kumati anaibwereketsa. Wailesi inasowanso. Kuchipinda cha lendi ku Chileka anasamuka, n'kumagona pakhonde la mnzawo. Munthuyo ankavutika ndithu, ndipo mwana wake ankamukonda, zimenezo ndikuchitira umboni. Anali wokonzeka kugulitsa chilichonse chimene anali nacho kupatula mawu amene ananena pa mbuzi paja.

Tione anakhoza mayeso a chigawo choyamba, n'kubwera kuholide yunifolomu ikumukhwepa. Anakhazika makolo ake pansi n'kuwauza mosazungulira. Chigawo chachiwiri ophunzira amatumizidwa ku zipatala za m'maboma kukaphunzira pa odwala enieni. Kumeneko umadzipezera wekha nyumba, chakudya ndi thiransipoti, kwinaku chipinda cha kukoleji ukulipirabe kuti asakulande. Wosafika pa tsiku loyamba amachotsedwa m'kaundula wa chaka chimenecho, ndipo bungwe linanena poyambirira pomwe kuti wochotsedwa malo ake amapatsidwa kwa mtsikana wina, poti odikira ndi ambiri. Tsikulo linali kumapeto kwa mwezi womwewo. Ndalama imene inkafunika, a Stanford akanaipeza atatchetcha udzu miyezi isanu osadya.

A Malita anapita kwa achimwene awo. A Malizani anali ndi ng'ombe ziwiri zokoka ngolo, ndipo sanakane.

"Imodzi ndigulitsa, mlongo. Mwanayo ndi magazi anga. Koma amene anakanira pamsika akabweze mawu pamsika, pamaso pa amene anamva. Apo ayi anthu adzati Malizani amakakamiza thandizo pakhomo pa eni ake."

Tione naye anapita yekha, n'kukagwada pakhonde la amalume ake.

"Ankolo, tsiku likuyandikira. Ndithandizeni ine, za ababa mudzakambirana pambuyo."

"Iwe ulibe mlandu, mwana wanga. Dzuka. Izi ndi za akuluakulu."

Anamupatsa chinangwa chophika kuti adye panjira. Musaganize kuti pankhaniyi wolakwa anali mmodzi. A Malizani anali atadikira tsiku limeneli chidikirire, ndipo sakanalola kuti lidutse mwakachetechete chifukwa cha kalendala ya koleji.

Msika woyamba a Stanford anabwera. Anafika pakhonde langa, anayang'ana kutsidya kwa msewu, n'kundipatsa malaya kuti ndilimbitse batani. Batanilo linali lolimba kale. Ndinalisokabe, pang'onopang'ono, kuwapatsa mpata woti alimbe mtima.

"A Stanford, alamu anu ndi awo apo. Wolokani."

"Ndikudikira foni ya bwana wina wa ku ndege. Anandilonjeza kanthu."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, achimwene."

"Inu sokani batani."

Anakhala mpaka mbuzi zonse zitakwera malole, n'kubwerera ku Chileka. Bwana wa ku ndegeyo sanaimbe, ndipo ndikukayika ngati anabadwa n'komwe.

Msika wotsatira analawirira, anthu asanachuluke, n'kukaima pafupi ndi alamu awo ngati akufuna kugula mbuzi. Analankhula chapansipansi, moti ine sindinamve kanthu. Koma yankho la a Malizani linamveka mpaka kuchigayo.

"Mukuti chiyani, alendo athu? Makutu angawa akalamba. Ndiponso a Anwar sanafike, a Sangwani ali ku ofesi. Tsiku lija munalankhula msika utadzaza."

A Stanford anapsa mtima n'kuchoka. Pomwe msika unkadzaza iwo anali ali mu minibasi.

Tione anaimbira foni kukoleji n'kupempha kuti amudikire. Anthu ake anali achifundo, anamuwonjezera sabata imodzi. Anagulitsa foni yakeyo, anakapalira nawo m'dimba la munthu, anasonkhanitsa kandalama kongokwana basi yopitira. Tsiku lomaliza ankalitchula m'mawa ndi madzulo, kwa bambo ake ndi kwa amalume ake, ndipo onse awiri ankayankha mofanana, kuti asade nkhawa, zikonzeka.

Msika wa sabata imeneyo a Stanford anabwera atatsimikiza mtima, maso ali gwa. Koma a Anwar anali atapita ku maliro ku Balaka. A Sangwani anati iwo alipo, ndipo mboni imodzi ndi yokwanira. Ine ndinadzuka pamakina n'kukanena kuti nanenso ndinamva tsiku lija, ndikhoza kuimira a Anwar. A Malizani anapukusa mutu.

"Inu munamvera patali, atelala. Zinthu tizichita mwadongosolo. Sabata imodzi si chaka. Akolejiwo ndi anthu, adikira."

"Adikira ndithu," anavomera a Stanford, nkhope itamasuka ngati wodwala amene wauzidwa kuti jakisoni watha. "Mwana wokhoza ngati uja sangamutaye. Ndikuwadziwa anthu amenewa."

Kanali koyamba kuwaona awiriwo akugwirizana pa chinthu chimodzi.

Mwambowo unachitika msika winawo, ndipo unayenda bwino kwambiri. Anthu anadzaza, ena anakwera pa ngolo kuti aone. A Stanford anavula chipewa, anaima pakati pa ndowe za mbuzi, n'kunena mokweza kuti pakamwa panawatsogolera, kuti mkamwini ndi mkamwini, kuti mwana ndi wa eni mbumba. Ine amene ndinabwera kudzaseka ndinalephera. A Malizani anawagwira dzanja, n'kulankhula mawu awoawo otalika kawiri. Ng'ombe inagulidwa ndi a Anwar tsiku lomwelo. Ndalama anaiwerengera poyera, n'kuipereka kwa a Malita azimayi akululutira.

Tione anabwereka foni ya a Hakimu n'kuimba ali pakhonde pompano. Anamvetsera nthawi yaitali, akungoti, "Chabwino, madamu. Ndamva, madamu. Zikomo." Anabweza foniyo n'kuthokoza. Anzake anali atayamba kale m'mawodi, dzina lake linali litachotsedwa, ndipo bungwe linali litapereka malowo kwa mtsikana wina wa ku Nsanje. Anamuuza kuti akhoza kudzafunsiranso chaka china, koma za fizi adzadzionere yekha. Sanalire pamaso pathu. Ananyamula dengu la tomato la mayi ake n'kupita kunyumba.

Ndinayembekeza kuti pamudzipo pabuka nkhondo, koma ayi. Kuyambira tsiku limenelo a Stanford ndi a Malizani ndi pachibale penipeni. Loweruka amakhala pabenchi langa n'kumagawana chimanga chootcha. Anagwirizana kuti mabungwe a masiku ano alibe ulemu, kuti akoleji sadziwa mwambo, kuti sabata imodzi yokha munthu sungamuchotsere mwana sukulu. Ndalama ija inabwerera kwa a Malizani, iwo n'kugulira ng'ombe ina, poti ngolo siyenda ndi ng'ombe imodzi. Sawatchulanso alamu awo kuti alendo athu, tsopano amati "bambo a Tione." A Stanford anapeza chimene ankafuna zaka zonsezi, ndipo akamayenda pamsika mapewa amakhala m'mwamba. Akuti chaka chamawa mwanayo abwerera, masamu ake achita kale, ndipo ndi osavuta.

Tione amagulitsa tomato ndi anyezi pa benchi la mayi ake, pafupi ndi siteji. Azimayi ena amabwera kudzamuonetsa zotupa za ana awo, iye n'kuwauza kuti apite kuchipatala. Bambo ake amauza anthu kuti ali pa holide.

Loweruka lapitali anabwera kudzatenga siketi ya mng'ono wake imene ndinaifutukula. Bambo ake ndi amalume ake anali pabenchi. Mayi wina wa ku Chigaru, amene sanamve nkhaniyi, anamugwira dzanja mwansangala.

"Anamwino athu! Mubwerera liti kusukulu?"

"Ali pa holide," anayankha msanga a Stanford. "Makoleji akuluakulu amapereka holide yaitali."

A Malizani anavomera ndi mutu. Tione anapinda siketi ija bwinobwino, anaiika m'jumbo, n'kutembenukira kwa bambo ake. Analankhula mwaulemu, ndi mawu ake ofatsa omwe aja.

"Ababa, holide imeneyi mwaiwerengera kuti itha liti? Mundiuze, kuti anthu akamandifunsa tiziyankha zofanana."

Anaima pomwepo kudikira yankho, jumbo ili m'manja. Atadikira mokwanira anandilipira, anatsanzika mayi uja, n'kubwerera ku tomato wake.